Mlandu wa Kumapeto kwa Mzere

Mukadutsa mapiri a Musandifunse, n'kuwoloka mtsinje wa Zidzaoneka pa mlatho umene unatsegulidwa katatu koma sunamalizidwe, ndiye kuti mwafika mu ufumu wa Sindine. Likulu lake ndi mzinda wa Mawamawa. Masiku amenewo pampando panali Mfumu Mbiriyanga Wachiwiri, munthu wokonda chitukuko, makamaka chitukuko chokhala ndi riboni yodula.

Mwa zitukuko zonse, chimene Mfumu inkanyadira kwambiri chinali Nkhokwe. Siinali nkhokwe ya chimanga ayi. Inali pulogalamu ya pakompyuta yosungira Buku la Malamulo ndi mafayilo ena onse a boma. Munthu akafuna kukonza kanthu, ankatenga fayilo m'Nkhokwemo, n'kukonza pa kompyuta yake, n'kuibweza. Ndiye Nkhokwe inkayerekeza fayilo yakale ndi yatsopanoyo mzere ndi mzere, n'kulemba dzina la wosinthayo pambali pa mzere uliwonse umene wakhudza. Inalibe tsankho, siinkaiwala, ndipo siinkalandira nkhuku. Pa chifukwa chimenechi nduna zambiri zinkaiopa ngati apongozi.

Boma linali ndi maofesi awiri olembera. Ofesi ya Kudambo inkagwiritsa ntchito makompyuta amene linapereka dziko lina laubwenzi la kum'mawa, pamene Ofesi ya Pamtunda inali ndi ochokera ku dziko laubwenzi la kumadzulo. Mfumu inalandira mitundu yonse iwiri, poti mphatso sakana. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambi umenewu sunali pa ndandanda ya zokambirana tsiku lolandira katunduyo.

Mayi Lustiya Nankhwazi ankagwira ntchito ku Pamtunda. Anali atatayipa makalata a boma zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira nthawi ya mataipi achitsulo olira belu, ndipo kunatsala miyezi isanu yokha kuti apume. Anali munthu wosakonda zolankhulalankhula. Maganizo awo onse anali pa abakha amene ankafuna kukaweta kumudzi.

Lachiwiri lina m'mawa, bwana wawo a Kaphwiti analowa thukuta lili kamukamu.

"Mayi Nankhwazi, siyani kaye zonsezo. M'Buku la Malamulo mwapezeka zoopsa."

"Zotani, bwana?"

"Pa mzere wa 3,006, pamene payenera kunena kuti Mfumu ndi Mwini Dziko, palembedwa kuti Mwini Dzino. Zakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi."

"Nanga Bukulo si amasamala ndi anzathu a Kudambo?"

"Onse ali ku semina ya kagwiridwe kabwino ka ntchito. Abwerako Lolemba. Konzani inu, msangamsanga, eni akewo asanaone."

A Nankhwazi anatenga fayilo m'Nkhokwe, anafufuta chilembo chimodzi, anaikapo china, anasunga, n'kuibweza. Sizinathe mphindi ziwiri. Kenako anadzuka kukatereka tiyi.

Tiyiyo sanamwe. Ketulo isanawire, pakhomo panaima Sajeni Kumbanga, bambo wamtali wa ndevu za imvi, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi," anatero a Sajeni mwaulemu. "Akukufunani ku bwalo la nduna. Akuti mwalanda boma."

M'bwalomo munali mutadzaza. Mfumu inali pampando wake, nduna khumi ndi ziwiri zitakhala m'mbalimbali, ndipo pakhoma anaonetsa Buku la Malamulo lonse, mizere ina yofiira, ina yobiriwira, kutsetsereka osatha ngati njanji. Nduna ya Chilungamo, a Zembani, inaimirira n'kukonza mkanjo.

"Mwini Dziko, Nkhokwe siinama. Ikusonyeza kuti lero, nthawi itangopitirira naini koloko, mayi uyu wafufuta mizere yonse 4,812 ya malamulo athu, n'kulemba ina 4,812 ya m'mutu mwake. Yofiirayo ndi yofufutidwa, yobiriwirayo ndi yatsopano. Zimene makolo athu anamanga zaka zana, iye wagwetsa m'mphindi ziwiri."

Mfumu inatsamira kutsogolo. "Tawerengani mzere woyamba, wakalewo."

"Dziko lino ndi la Sindine."

"Nanga watsopanowo?"

A Zembani anapukuta magalasi. "Dziko lino ndi la Sindine."

Anawerenga wachiwiri, wachitatu, mpaka wa makumi awiri. Wofiira ndi wobiriwira ankafanana ngati mapasa.

"Ndiye wasintha chiyani?" Mfumu inafunsa.

"Apo ndiye pagona kuopsa kwake, Mwini Dziko. Mdani wamba amasintha zooneka. Uyu wasintha zosaoneka."

Mawu akuti zosaonekawo ndi amene anatsegula mutu wa a Nankhwazi. Tsopano anazindikira chimene chachitika. Anagwada, naomba m'manja.

"Mwini Dziko, ndiloleni ndifotokoze. Kale tikamatayipa pa taipi yachitsulo, tikafika kumapeto kwa mzere belu linkalira. Ndiye tinkakankha kandodo ka m'mbali. Kandodoko kankachita zinthu ziwiri: kubwezera pepala kumayambiriro, ndi kutitsitsira pa mzere wotsatira. Makompyuta atabwera anasunga mwambo umenewo. Kumapeto kwa mzere uliwonse amaikako chizindikiro chimene maso saona. Makompyuta a Kudambo amaika chimodzi chokha, chakuti tsika. Athu a Pamtunda amaika ziwiri, bwerera ndi tsika. Bukuli linalembedwa Kudambo. Ine nditasunga, kompyuta yanga yawonjezera bwerera pa mzere uliwonse popanda kundifunsa. Nkhokwe yaona kuti mizere yonse yasiyana ndi yakale, n'chifukwa chake yalemba dzina langa ponseponse. Chimene ndasintha ine ndi chilembo chimodzi basi."

"Mwamva nokha, Mwini Dziko!" a Zembani anafuula. "Wavomera! Wabisa zizindikiro 4,812 m'malamulo athu, ndipo chilichonse chikuti bwerera. Tibwerere kuti? Kodi sakunena kuti dziko libwerere m'mbuyo?"

Mfumu inatembenukira kwa Nduna ya Zamakina, a Gwedeza, amene makalata awo a pakompyuta ankachita kuwasindikizira papepala kuti awerenge.

"Inu mukuti bwanji?"

"Mwini Dziko, nkhaniyi ndi yakuya. Ikufunika komiti."

Akukambirana za komitiyo, a Nankhwazi anaona chinthu chodabwitsa. Ndunazo zinkayankhula mokalipa, koma nkhope zawo zinali zowala ngati za anthu ochoka ku ukwati. Anayang'ananso pakhoma paja, ndipo anamvetsa. Dzulo lake, pambali pa lamulo lililonse panali dzina la nduna imene inalilemba. Lero maina onsewo anali atakwiririka. Kuyambira pamwamba mpaka pansi panali dzina limodzi lokha: L. Nankhwazi.

Mfumu inagamula kuti mlandu udzapitirira pakatha masiku asanu ndi awiri. A Nankhwazi akadzapezeka olakwa, adzachotsedwa ntchito n'kutumizidwa ku chigwa cha Iwalani, kumene ngakhale udzudzu umapempha kusamutsidwa. Pakadali pano azikhala kunyumba, ndipo Sajeni Kumbanga aziwatsata kulikonse.

Njira ya kunyumba inkadutsa mumsika wa Tamvani, ndipo wailesi ya boma inali itafika kale. Anthu ankawalozerana ndi milomo. Mayi Dolofina, ogulitsa tomato, amene a Nankhwazi anakhala akuwagula zaka zambiri, anawaitana ali manja m'chiuno.

"Asisi, tabwerani kuno. Kani ndinu munalemba kuti ambulera ya munthu wamba isakule kuposa ya Mfumu? Taonani tomato wangayu mmene wapsera. Mfumu yake yogula kaambulera kakang'ono ngati mbale."

"Si ine, a Dolofina. Lamulo limenelo linabwera ine ndili ku maliro a mlamu wanga."

Bambo Jailosi, ometa tsitsi pansi pa mtengo wa keshya, anasiya munthu mutu uli theka n'kubwera ndi sizasi m'manja.

"Mayi, ine sindikukwiyirani. Ndingofuna kudziwa: atambala anakulakwirani chiyani? Wanga ali ku polisi sabata yachiwiri tsopano, chifukwa cholira wailesi ya boma isanatsegule."

A Nankhwazi anafotokoza zonse, za belu, za kandodo, za bwerera ndi tsika. A Jailosi anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu.

"Ndiye mukuti mawu ake ndi omwewo, changosintha ndi dzina la mwini wake?"

"Eya."

"Zimenezo si zachilendo. Ndi mmene amasinthira nduna kuno."

Anthu anaseka, koma a Nankhwazi sanaseke. Masiku otsatirawo anali owawa. Ku kwaya ya amayi, anzawo a pa benchi anasendera kumapeto. Woyandikana nawo nyumba anasiya kudzapala moto. Ndipo panali ena amene ankafika m'mamawa, kugwada pakhomo n'kumati, "Mayi Malamulo, poti cholembera chili m'manja mwanu, tichotsereniko lija loti maenje a mumsewu tiziwatcha maiwe a chitukuko. Ngolo yanga yathyokera m'chitukuko dzulo." A Nankhwazi sankadziwa kuti chopweteka kwambiri n'chiti, kudedwa chifukwa cha zimene sanalembe kapena kupemphedwa zimene sangathe. A Sajeni ankangokhala pakhonde n'kumawathandiza kusenda mtedza.

Ku bwalo la nduna nako sikunagone. Komiti ija inagawanika pawiri. Nduna zochokera kumtunda zinati zizindikiro ziwiri ndiye ulemu, munthu woleredwa bwino amayamba wabwerera asanatsike. Zochokera kudambo zinati kumeneko n'kutaya nthawi, munthu wolimbikira ntchito amangotsika basi. Pofika Lachinayi mumsika munali mutafika kale zitenje za mitundu iwiri, zina zolembedwa kuti BWERERA NDI TSIKA, zina TSIKA BASI, ndipo a Dolofina anavala china m'chiuno, china kumutu, kuti asataye ogula.

Tsiku lomwelo masana, a Nankhwazi ali pa benchi ya a Dolofina, wailesi inaliza malipenga. Mfumu inayankhula kwa mtundu wonse.

"Anthu anga, ine ndine tate wa onse, a chizindikiro chimodzi ndi a ziwiri omwe. Pofuna kulimbikitsa umodzi, ndalamula kuti kuyambira mawa mzere uliwonse m'dziko lino uzitha ndi zizindikiro zitatu. Choyamba bwerera. Chachiwiri tsika. Chachitatu, chimene akatswiri athu apanga okha kuno kwathu, gwada. Ndipo poti mtsogoleri amayamba ndi iye, tiyambira mafayilo a kunyumba yachifumu."

A Dolofina anathamangitsa ntchentche pa tomato. "Kubwerera, kutsika, kugwada. Ifetu tinayamba kalekale zimenezo. Makinawo ndiye anatsalira."

A Nankhwazi anagwira pakamwa. "Mafayilo a kunyumba yachifumu? A Sajeni, kodi geti la magetsi la kumeneko, fayilo yake ili m'Nkhokwe momwemo?"

"Zonse zili momwemo, mayi. Bwanji?"

"Palibe. Tiyeni tizipita."

Lachisanu Mfumu inapita ku bwalo la zamasewero kukatsegulira lamulo latsopanolo. Inadula riboni, inayankhula maola awiri, kenako inabwerera ndi mdipiti wa magalimoto makumi anayi dzuwa lili paliwombo. Galimoto yoyamba inaima pa geti la nyumba yachifumu. Mlonda anadina batani. Geti linangoti duu. Anadinanso. Zii.

Magalimoto anandanda mpaka ku msika. Ku Sindine lamulo silinkalola kunena kuti pali mzere wodikira. Unkatchedwa msonkhano wa anthu oleza mtima. Msonkhano umenewu unatha ola lathunthu. A Gwedeza anatsika n'kulamula getilo m'dzina la Mfumu kuti litseguke. A Zembani analiopseza ndi mlandu wonyoza bwalo. Mfumu inatuluka m'galimoto, mkanjo utanyowa ndi thukuta, n'kubisala pansi pa kaambulera kake kaja, kamene kankaphimba chisoti chokha.

Ndi a Kaphwiti amene analimba mtima. Anayandikira Mfumu. "Mwini Dziko, pali munthu mmodzi amene amaona zosaonekazi."

Anawabweretsa a Nankhwazi pa njinga yamoto ya polisi, atagwira chitenje ndi dzanja limodzi, lina litakola lamba wa a Sajeni. Analowa m'kanyumba ka mlonda, Mfumu ndi nduna zikusuzumira pawindo. Anatsegula fayilo ya geti, n'kudina mabatani awiri amene amachititsa kuti zizindikiro zobisika zioneke. Pagalasi panatuluka timichira kumapeto kwa mzere uliwonse.

"Taonani, Mwini Dziko. Makina a getiwa ndi a mtundu wa Kudambo. Amadziwa mawu akuti tsegula. Koma lero akuwerenga tsegula womata ndi zinthu zina ziwiri zimene sanazionepo, ndiye akuganiza kuti ndi mawu ena. Sakukana inu ayi. Sakumva chabe."

"Sakudziwa gwada?" Mfumu inafunsa modabwa.

"Sanaphunzire, Mwini Dziko."

Anafufuta timichira towonjezerato, nasunga. Mlonda anadina batani, ndipo geti linayamba kuyenda likulira ngati ngolo. Kumsika kunamveka nthungululu, ngakhale sizinadziwike ngati ankakondwerera Mfumu kapena geti.

Mfumu itamwa madzi ozizira makapu atatu, inaitanitsa bwalo pomwepo. Za zizindikiro zitatu palibe anazitchulanso, ndipo wailesi inalengeza madzulo ake kuti lamulolo lakwaniritsa cholinga chake msanga kuposa mmene ankayembekezera.

"Mayi," Mfumu inatero, "kodi matendawa ali ndi mankhwala okhalitsa?"

"Alipo, Mwini Dziko, ndipo ndi kafayilo ka mizere itatu. Timakaika pakhomo pa Nkhokwe. Kamanena kuti m'kati muno mizere yonse izisungidwa ndi chizindikiro chimodzi. Wa Pamtunda akatenga fayilo, Nkhokwe izimupatsa ndi ziwiri monga makina ake amafunira, ndipo akamabweza izichotsa chowonjezeracho. Zili ngati nsapato: kunja yendani nazo mmene mufunira, koma polowa m'nyumba muzivula. Mafayilo a makina ngati geti, amenewo asakhudzidwe, azikhala ndi chimodzi nthawi zonse."

"Basi? Popanda komiti?" a Gwedeza anafunsa mokhumudwa.

"Chatsala chimodzi. Buku la Malamulo panopa lili ndi ziwiri, zija inaika kompyuta yanga. Pafunika kulisesa kamodzi kuti libwerere mwakale. Koma wodina batani losesalo akhudza mizere yonse, ndiye dzina lake likhala pa lamulo lililonse m'malo mwa langa."

Mfumu inayang'ana a Gwedeza.

"Mwini Dziko, chala changa chili ndi nyamakazi."

Inayang'ana a Zembani. Koma a Zembani sanapatsidwe dzina limenelo pachabe. Anaimirira, nagwada, nayankhula ndi mawu otsekemera ngati uchi.

"Mwini Dziko, ife ndife yani kuti maina athu akhale pa malamulo a dziko? Mbiri idzafunsa kuti analemba malamulo onse a Sindine ndani, mizere 4,812, tsiku limodzi, ndi chala chimodzi. Kodi yankho lake lingakhale dzina la nduna wamba?"

Maso a Mfumu anawala. Lolemba lake anamanga riboni pa kompyuta ya a Nankhwazi, bandi ya polisi inaimba, ndipo Mfumu inadina batani ojambula zithunzi atazungulira. Dzina la L. Nankhwazi linazimirira, ndipo kuyambira pamwamba mpaka pansi panalembedwa Mbiriyanga II. Mlandu unathetsedwa. A Sajeni anatsanzika mwachisoni, ponena kuti ntchito yabwino ngati imeneyo sadzaipezanso. Lamlungu anzawo a kwaya anabwerera pa benchi ngati sipanachitike kanthu, ndipo a Nankhwazi anawasendezera malo.

Mtendere wa Mfumu unatha masabata awiri. Anthu a ku Sindine ndi oleza mtima, koma amadziwa kuwerenga. Anayamba kufika pa geti m'mawa uliwonse, mwaulemu ndithu, aliyense atanyamula pepala losonyeza lamulo limene lamupweteka ndi dzina lolembedwa pambali pake. Sankafuula. Ankangogwada n'kuthokoza Mwini Dziko chifukwa chodziulula, poti zaka zonsezi sankadziwa kokadandaula. Tsiku loyamba anali makumi atatu. Pofika Lachisanu lachiwiri, mzera wawo unafika pa mlatho.

A Nankhwazi anaitanidwanso ku bwalo. Anapeza Mfumu itaonda kumaso, nduna zili m'mipando yawo.

"Mayi," Mfumu inayankhula motsitsa mawu, "ine ena mwa malamulowa ndawawerenga koyamba sabata ino. Ena sindikukhulupirira kuti analemba munthu wamutu. Kodi dzina langa lingachokepo?"

"Kufufuta sizitheka, Mwini Dziko. Nkhokwe siitaya kanthu. Koma ingathe kuuzidwa kuti ikamaonetsa maina, izidumpha kusintha kuwiri: kwanga kuja ndi kwanu kuja, poti kupatula chilembo chimodzi chija, konseko sikunakhudze mawu. Ikatero, pa mzere uliwonse pabwerera dzina la amene analembadi lamulolo, ndi tsiku lake."

A Zembani anatsokomola. A Gwedeza anagwetsa cholembera, ndipo anachedwa kwambiri pansi pa tebulo pochifunafuna.

"Zimenezi munkazidziwa kuyambira kale?" Mfumu inafunsa.

"Eya, Mwini Dziko."

"Bwanji simunanene?"

"Palibe anandifunsa. Ndipo tsiku limene ndinafotokoza zinthu ndisanafunsidwe bwino, ndinatsala pang'ono kupita ku Iwalani."

Mfumu inakhala kanthawi ikuyang'ana nduna zake imodziimodzi. Ndunazo zinkayang'ana denga, ngati zaona kumene kuti nyumbayo ili ndi denga.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi zisanu, Mwini Dziko."

"Yambani."

A Nankhwazi anakhala pansi, anakonza magalasi awo, n'kuika zala pa mabatani. Asanamalize mzere woyamba, a Zembani anaimirira foni ili kukhutu, nkhope yachisoni, n'kupempha kuti atuluke: azakhali awo anali atangomwalira kumudzi. Pambuyo pawo panadzuka a Gwedeza ndi uthenga womwewo. Mmene maina ankayamba kuoneka pakhoma, mipando isanu ndi iwiri inali yopanda anthu, ndipo mbiri ya ufumu wa Sindine imanena kuti sikunakhalepo tsiku lina limene azakhali ambiri chotero anamwalira masana amodzi.